Hilux ya malemu bambo, ndikonze kapena ndigulitse?

Pa imelo pabwera kalata ya achimwene ena a ku Ulongwe m'boma la Angónia ku Mozambique, dzina ndasunga. Mwachidule akuti bambo awo anamwalira n'kusiya Toyota Hilux ya singo kabu, injini ya 3L, yomwe anagula nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique itangotha. Inaphika injini pokwera kuchokera ku Tete ndipo chiyambire ili pamiyala kuseri kwa nyumba, dzinja lachitatu lino. Iwo ali ndi kagalimoto kakang'ono ka Toyota Ractis koyendera kuntchito. Akunyumba akuti igulitsidwe, wina wa ku Dómuè akuifuna yonyamulira mbatatesi. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi ndapenga kukonda chitsulo chonchi? Ndikonze kapena ndiitaye?"

Achimwene simunapenge ayi. Mukanapenga ndiye kuti theka la azibambo a ku Angónia kuno ndi amisala. Takhalani pamalo pomwe madalaivala akale amamwera tiyi mumve, munthu amene panopa akuyendetsa dabo kabu yonyezimira nkhani yake idzakhala ya Peugeot 404 yomwe anali nayo kalekale, giya yake ya pa chiwongolero, mmene inkakwerera mtunda itasenza matumba mpaka kumbuyo kukhala pansi. Wina Land Rover, wina 504, wina Toyota Stout. Ine yanga inali Nissan 1400, kapikapu kakang'ono kaja ka ku South Africa komwe anasiya kupanga mu 2008. Kanalibe chilichonse, fumbi limalowa paliponse, mvula ikagwa mawondo kunyowa, koma mpaka lero ndikakaona pamsewu khosi limatembenuka lokha, ndimayang'ana kudenga ngati pali chibowo chija ndinamata ndekha.

Ndipo kwa ife kuno pali china chomwe anzathu a kwina sangachimvetse. Bambo anu anagula galimotoyo pambuyo pa 1992, mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October. Anthu anali akubwerera kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu komwe anathawira, ambiri ndi katundu wapamutu basi, ndipo zaka zam'mbuyomo msewu wa Tete kupita ku Zóbuè galimoto zinkayenda pamdipiti moperekezedwa ndi asilikali. Munthu kugula pikapu nthawi imeneyo kunali kunena kuti ndabwerera, ndakhazikika, sindithawanso. Inanyamula fodya, feteleza, odwala usiku, maliro a mudzi wonse, akwati. Ndiye mukamati mukuikonda ine ndikumva, musachite nazo manyazi.

Komanso musanyoze ka Ractis kanuko eti. Pali chizolowezi pakati pa ife okonda zakale chomati galimoto za masiku ano ndi mapepala, zilibe mtima. Bodza. Pitani ku Tete Lamlungu masana muone anyamata mmene amapukutira ma Mark X ndi ma Runx awo, marimu atsopano, masipika mubuti, munthu wadya nsima ya masamba sabata yonse kuti agule matayala. Chikondi chake ndi chomwecho, zaka zikubwerazi nawonso adzakhala akusimba za Mark X ija. Kungoti Ractis ndi ya phula. Msewu wa ku Tsangano nthawi ya mvula musaiyese, pansi pake ndi pafupi.

Tsopano poti mwafunsa ine, ndikuuzani zomwe simufuna kumva. Zomwe mukuchita panopazi, kuisiya pamiyala, ndiye zoipa kuposa zonse ziwiri mwatchulazo. Galimoto ili ngati ng'ombe yapangolo, ikangokhala osakoka imafooka. Zaka zitatu itaima, masilo a labala auma, mabuleki agwira, dizilo wamuthanki wachita matope, makoswe alowa mumawaya ndi m'mipando, ndipo ngati madzi analowa mu silinda tsiku linaphika injinilo ndiye dzimbiri lakhala likudya mkatimo mwakachetechete. Mumaiona m'mawa uliwonse mtima n'kukhala pansi kuti ya bambo ilipo, koma chaka chilichonse ikutsika mtengo ndipo yokonzera ikukwera.

Musayambe ndi injini, anthu ambiri amalakwira pamenepa. Yambani ndi chesisi. Lowani pansi ndi tochi ndi kahamala, gogodani fulemu yonse makamaka pomwe pamangidwa masipulingi akumbuyo ndi pansi pa bodi pomwe matope amakhazikika. Pikapu yomwe yanyamula feteleza moyo wake wonse imadyeka kumbuyoko chifukwa feteleza akanyowa amadya chitsulo koopsa. Ikamalira ngwee ndi bwino. Hamala ikamalowa, kapena mukapeza kuti inawotcheredwapo kale zigamba pamwamba pa zigamba, basi achimwene, igulitseni kwa ofuna masipeya, musathirepo ndalama.

Chachiwiri mapepala, ndipo apa ndi pomwe mabanja amadana. Livrete, bukhu la galimoto lija, ilipo? Título de propriedade, chikalata cha umwini, ili m'dzina la ndani? Ngati ili m'dzina la malemu ndiye galimotoyo si yanu nokha, ndi ya ana onse ndi mayi ngati alipo, ndipo kuti isinthe dzina pamafunika habilitação de herdeiros, chikalata chotsimikizira olowa chuma cha malemu. Mukakonza ndi ndalama zanu musanakhale pansi ndi abale, tsiku lomwe idzalire injini mudzaona alongo anu ndi amalume atulukira, aliyense akukumbuka kuti ndi ya bambo. Ikakhala pamiyala palibe amaifunsa, ikangoyenda eni ake amachuluka. Khalani pansi kaye, mugwirizane, mulembe. Kugulitsanso ndi chimodzimodzi, wa ku Dómuè uja musamupatse galimoto ya m'dzina la womwalira, mudzamuika m'mavuto ndi apolisi apamsewu ndipo adzabwerera kwa inu.

Zikakhala bwino ziwirizi, injiniyo isakuopseni. 3L ndi dizilo ya malita 2.8, masilinda anayi, yopanda tebo, yopanda kompyuta, pampu yake ndi ya makina wamba. Mphamvu ilibe zambiri, pamtunda imakwera ngati ikuganiza kaye, koma makaniko aliyense wachikulire ku Ulongwe kapena ku Moatize anaitsegulapo, ndipo masipeya ake sasowa chifukwa injini yomweyo inalinso m'ma Hiace ambiri omwe ankayenda ngati chapa, maminibasi onyamula anthu. Mukasowa ku Tete mumadutsa pachipata cha m'malire cha Calómuè kukayang'ana ku Lilongwe. Yerekezani ndi ma D-4D, mainjini a kompyuta omwe ali mu Hilux ya 2005, amathamanga inde, koma dizilo wam'zigubu wapamsewu akangolowa ndi madzi kapena fumbi mainjekita amapita, ndipo mtengo wake mukhoza kulira.

Vuto la injini za mtundu wa L ndi kutentha, zikaphika hedi imakonda kung'aluka. Ndipo taganizani ulendo womwe inafera: kunyamuka ku Tete kuchigwa cha Zambezi komwe mwezi wa October ndi November kumapyola madigiri 40, kudutsa Moatize, kukhota pa Mussacama n'kuyamba kukwera mpaka kumapiri kwathu kuno, makilomita opitirira 200 itasenza. Ladiyeta ikakhala yotsekeka ndi madzi a pachitsime, kapena fani ikakhala yotopa, singano imakwera dalaivala ali pa nkhani. Ndiye makaniko akakuuzani kuti ndi gasiketi yokha musavomere msanga, hediyo ipite ikayezedwe ngati ilibe mng'alu komanso ngati sinapindike. Ladiyeta itsukidwe kapena isinthidwe, themositati ibwerere m'malo mwake, chifukwa kuno timakonda kuichotsa n'kumati tathana nazo. Tayimingi beluti sinthani ngakhale ikuoneka yabwino, imayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse koma yokhala zaka osazungulira siidalirika, ikaduka mavavu amakumana ndi mapisitoni ndiye mwayambiranso.

Za akunyumba, musawatenge ngati adani a galimotoyo. Iwo akuona ndalama ya sukulu ya ana ikupita kuchitsulo chomwe sichibweretsa kanthu, ndipo kunena zoona akulondola mpaka mutawaonetsa zina. Pitani kwa makaniko awiri osiyana, aliyense alembe mtengo wake, muwonjezepo matayala, batire, inspecção (kuyezetsa galimoto) ndi seguro (inshuwalansi) poti izi anthu amaziiwala powerengera. Kenako muwaonetse pepalalo limodzi ndi ntchito yomwe pikapuyo izigwira. Nyengo yokolola mbatatesi ndi chimanga kuno galimoto yonyamula siigona, ngati wa ku Dómuè waona kuti ingamupangire ndalama ndiye kuti ingakupangireninso inu.

Maganizo anga ndi awa: chesisi ikakhala yolimba ndipo abale avomera, konzani, koma muikonzere ntchito osati yongoimika pakhonde n'kumaipukuta. Ngati mukudziwa mumtima mwanu kuti nthawi yoiyendetsa kapena yoyang'anira dalaivala mulibe, mupatseni wa mbatatesiyo pamtengo wabwino. Zimawawa sabata zoyamba, ine ka 1400 kaja katapita ndinkadzuka n'kusuzumira pomwe kankagona. Koma kuiona ikudutsa pamsika itasenza matumba, utsi uli tolotolo, n'kwabwino kusiyana ndi kuiona nkhuku zikuikira mazira pampando pomwe bambo ankakhala.

Mukalowa pansi paja jambulani fulemu mbali zonse, makamaka chakumbuyo, munditumizire pa imelo yomweyi. Mundiuzenso ngati injini ikutembenuka mukaizunguza ndi sipanala pa pule yakutsogolo, koma musaiyese ndi kiyi musanachotse maheeta pulagi n'kuona ngati mulibe madzi m'masilinda.