Faramir wa mufilimu si uja wa m'buku, chinachitika n'chiyani?

Wowerenga wina wanditumizira imelo ali wokwiya. Wamaliza buku la J.R.R. Tolkien la The Two Towers, waonera filimu ya Peter Jackson ya 2002, ndipo akufunsa kuti Faramir anamusinthiranji chonchi.

M'bukuli, lomwe linatuluka mu 1954, Faramir, mkulu wa asilikali a dziko la Gondor, amagwira Frodo ndi Sam ku Ithilien ali pa ulendo wachinsinsi wokawononga Mphete yamphamvu ya mdani ku Mordor, ndipo asanadziwe chimene Frodo wanyamula, amanena kuti chinthucho sangachitole ngakhale atachipeza m'mbali mwa msewu. Atazindikira kuti ndi Mphete ija, mawu ake sawabweza. Amawapatsa kamba wa paulendo ndi ndodo, n'kuwamasula. Mufilimu, Faramir wa David Wenham amawatengera ku mzinda wa Osgiliath kuti Mpheteyo ikafike kwa bambo ake, Denethor.

Gwero lake ndi kasanjidwe ka nkhani. Olemba filimuyi, Jackson, Fran Walsh ndi Philippa Boyens, anasamutsira kangaude wamkulu Shelob, amene amaukira Frodo kumapeto kwa bukuli, ku filimu yachitatu ya 2003, popeza mukawerenga masiku, zimenezo zimachitika pamene nkhondo ikufika ku Minas Tirith, likulu la Gondor. Shelob atachoka, Frodo anatsala wopanda chomutchinga, ndiye Faramir anasanduka chopingacho. Komanso ankaopa kuti munthu akaikana Mphete mosavuta, oonera asiya kuiopa. Tom Bombadil wa m'buku loyamba, amene Mphete siimugwira n'komwe, iye sanaoneke m'mafilimu ndi pang'ono pomwe.

Mfundozo ndi zomveka, koma zimene anachita nazo ayi. Asilikali a Faramir amamenya Gollum, wolondolera njira wa Frodo, Faramiryo akuyang'ana, pamene wa m'buku analamula kuti asamuchitire nkhanza. Pamenepo sanangomupatsa mayesero, anamuchotsa khalidwe. Choipitsitsa chili ku Osgiliath: Frodo amatulutsa Mphete pamaso pa Nazgûl, mmodzi mwa atumiki a mdani osaka Mpheteyo. Ngati mdani waiona pafupi chotero ndi Mordor, ulendo wachinsinsi uja watsala pati? Ndipo Tolkien mwini wake analemba m'kalata kuti mwa anthu ake onse, wofanana naye kwambiri ndi Faramir. Ameneyo si munthu woti n'kudzazira mpata wa kangaude.

Tsono inu amene munafunsa, funani filimu yotalikitsidwa ija yotchedwa Extended Edition. Muli gawo la Faramir, mkulu wake Boromir ndi bambo awo Denethor ku Osgiliath, pomwe bamboyo amanyoza mwana wamng'onoyo poyera. Mukaona zimenezo, njala yake yofuna kukondweretsa bambo imamveka. Kenako bwererani m'buku, ku mutu wa "The Window on the West".