Kuyesedwa si kuchimwa, m'bale wanga

M'bale wanga, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti mumapemphera, mumasala kudya, koma maganizo onyansa omwe aja amabwerabe, nthawi zina mumagwa, ndiye mukufunsa ngati Mulungu anakutayani. Ena akuyankhani kale kuti limbikirani kupemphera. Sanalakwe ayi, koma poti mwanena kuti mukupemphera kale, ndiloleni ndiwonjezerepo.

Siyanitsani kuyesedwa ndi kuchimwa. Ahebri 4:15 amati Yesu anayesedwa m'zonse monga ife, koma sanachimwe. Kukanakhala kuti ganizo loipa likangogogoda pamtima munthu wachimwa kale, bwenzi Yesu atachimwa m'chipululu muja, pamene mdierekezi anamuuza kuti asandutse miyala ikhale mkate. Anali atasala masiku 40, njala inali yeniyeni. Ndipo zimenezi zinachitika atangobatizidwa kumene, mawu ochokera kumwamba atamutchula Mwana wokondedwa. Ndiye kuyesedwa kwanuko si umboni woti mwatayidwa.

Yakobo 1:14-15 amafotokoza mmene tchimo limabadwira. Chilakolako chimamukoka munthu ngati nyambo, kenako chimatenga pakati, n'kubala tchimo, tchimolo likakula limabala imfa. Taonani mawu amenewo, kutenga pakati. Mwana sabadwa tsiku lomwelo. Pali nthawi imene ganizo timalilera, kulidyetsa, kulipatsa pogona, ndipo ambiri nkhondo timaigonja pamenepo, tisanachite kanthu kooneka ndi maso.

Davide sanagwe chifukwa choona mkazi akusamba. Pa 2 Samueli 11, inali nyengo imene mafumu amapita kunkhondo, iye n'kutsala ku Yerusalemu. Madzulo akuyenda padenga la nyumba yake, anaona. Akanatha kutsika. M'malo mwake anatuma munthu kukafunsa kuti mkaziyo ndani. Anamuuza kuti ndi Betiseba, mkazi wa Uriya, msilikali wake yemwe. Apanso akanatha kulekera pomwepo, koma anatumanso anthu kukamutenga. Zitseko zotulukira zinalipo zingapo, zonse anazidutsa akuziona. Yosefe, pa Genesis 39, mkazi wa Potifara ankamunyengerera tsiku ndi tsiku, ndipo vesi 10 ikuti ankakana ngakhale kukhala naye pafupi. Tsiku limene anamugwira chovala, Yosefe sanaime kuti ayese mphamvu za chikhulupiriro chake. Anasiya chovalacho m'manja mwa mayiyo n'kuthawira kunja. Ndisakubisireni, kukhulupirika kwakeko kunamulowetsa m'ndende, ndipo anakhalamo zaka zopitirira ziwiri asanaone chimene Mulungu ankakonza.

Ine ndinali ndi nambala ina m'foni imene ndinaisunga ndi dzina labodza. Masana ndinali munthu wolimba. Usiku anthu onse akagona, ndinkatsegula dzina lija n'kumangoliyang'ana, chala chili m'mwamba, kwinaku ndikupemphera kuti Ambuye ndipatseni mphamvu. Ndinapemphera choncho miyezi yambiri, ndikugwa, ndikulira, ndikulonjeza. Tsiku lina ndikuwerenga 1 Akorinto 10:13, pamene pamati Mulungu salola kuti tiyesedwe koposa mphamvu zathu ndipo amaika populumukira, ndinazindikira kuti populumukira panga panali m'manja mwanga momwemo. Ndinkapempha mphamvu zoimira pakhomo la tchimo, pamene Iye ankandiuza kuti ndichokepo. Nambala ija ndinaifufuta manja akunjenjemera, ndipo m'mawa mwake ndinakauza mkulu wina wa mumpingo zonse, osasiyako. Chilakolako sichinathe tsiku limenelo, koma chinasowa chakudya.

Tsono za kugwa kumene mwanenako. Petro ndi Yudasi onse anamulakwira Yesu usiku umodzi, ndipo onse zinawapweteka mumtima. Yudasi anabweza ndalama zasiliva 30 zija kwa ansembe aakulu, iwo n'kumuyankha kuti zimenezo ndi zake, iye n'kupita yekhayekha kukadzimangirira. Petro analira kwambiri, koma sanachoke pakati pa anzake. Pali kanthu kena mu Uthenga wa Yohane kamene kamandigwira mtima nthawi zonse. Pamene Petro ankakana Ambuye, anali akuotha moto wamakala pabwalo la mkulu wa ansembe (18:18). Yesu atauka, anawapeza ophunzira ake kunyanja ya Tiberiya, ndipo pamtunda panali moto wamakala, nsomba zili pamotopo, ndi mkate (21:9). Fungo lomwe lija la usiku wamanyazi. Pamenepo Yesu anamudyetsa kaye, kenako anamufunsa katatu ngati amamukonda, monga anamukanira katatu, n'kumupatsa nkhosa zake kuti aziwete. Munthu amene mukumuopa kuti anakutayaniyo ndi ameneyu.

Chimene ndimadana nacho kwambiri ndi manyazi amene amatiuza kuti tiyambe tadziyeretsa tokha kenako tibwerere kwa Mulungu. Amenewo ndi amene amachititsa munthu kusiya kupemphera sabata yonse atagwa, ndipo m'sabata imeneyo amagwanso kawiri. 1 Yohane 1:9 salamula kuti tidikire. Mukagwa usiku, vomerezani usiku womwewo, tchimolo mulitchule dzina lake lenileni monga Davide anachitira mneneri Natani atamudzudzula, ndipo Salimo 51 likhale pemphero lanu ngati mawu akusowani.

Komanso musalimbane nazo nokha. Yakobo 5:16 amati tiululirane machimo ndi kupemphererana. Sindikunena kuti mulembe zonse pagulu pano, ayi. Pezani munthu mmodzi wokhwima m'chikhulupiriro, wosunga pakamwa, amene mungamulole kukufunsani mafunso owawa, paja wakutsina khutu ndi mnansi. Mumuuze nthawi imene mumagwa kawirikawiri, malo ake, ndi chimene chimayambitsa.

Usiku uno werengani Yohane 21 musanagone, ndipo ngati vuto lanu limadzera pafoni ngati mmene linalili langa, muisiye m'chipinda china. Ine ndikupemphererani.