Yankho kwa achemwali ofunafuna agogo awo amene anamenya nkhondo ku Mozambique

Achemwali, funso lanu lija ndaliwerenga usiku ndipo tulo tinandithawa. Mwati agogo anu aamuna, bambo awo a mayi anu, anali msilikali pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, anasowa mayi anu akadali kamtsikana, chimene chinatsala ndi dzina ndi chithunzi chimodzi chofwifwa basi, nde mukufunsa kuti muyambire pati komanso ngati kuli ofesi yosunga maina a anthu amenewa. Ine ndimakhala kuno ku Mchinji cha ku Kamwendo ndipo njira imeneyi ndinaiyendapo chifukwa cha atsibweni anga, ndiye mundilole ndilembe motalikako.

Ndaona ena mmakomenti akuti pitani ku Zomba ku National Archives, ena akuti sakani pa Google. Sindikuwanyoza koma musayambire kumeneko, mungotha ndalama ya thiransipoti. Yambirani pa nkhalamba zimene zikupuma lero. Pepala likhoza kudikira chaka china, koma gogo wazaka 80 amene anaona tsiku limene agogo anuwo anachoka pamudzi sangakudikireni.

Choyamba mudziwe kaye kuti mawu oti "anali msilikali ku Mozambique" amabisa zinthu zambiri. Kunali nkhondo ya Frelimo ndi Apwitikizi kuyambira 1964 mpaka 1974, dziko nkulandira ufulu pa 25 June 1975. Kenako nkubwera iyi mukunenayi, ya boma la Frelimo ndi Renamo, kuyambira 1977 mpaka pa 4 October 1992 pamene a Joaquim Chissano a boma ndi a Afonso Dhlakama a Renamo anasainirana mtendere ku Rome. Kumudzi nkhondo ziwirizi anthu amangoziphatikiza, amvekere "nthawi ya nkhondo ija", nde inuyo mufunse kuti pamene ankachoka Apwitikizi anali akadalipo kapena ayi, komanso Samora anali atamwalira kale kapena asanamwalire. A Samora Machel anafa pa ngozi ya ndege pa 19 October 1986 ndipo palibe nkhalamba ya mmalire muno imene singakumbuke kumene inali itamva uthengawo. Chaka sangakuuzeni ndi manambala, koma akakuuzani kuti "Samora atangofa, chimanga chisanamere", mwapeza kale poyambira.

Palinso gulu lina limene anthu amaliiwala, asilikali athu a Malawi Army amene anatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala kuyambira 1987. Ngati agogo anu anali a gulu limeneli ndiye mwai wanu, nkhani yafupika, chifukwa munthu wa boma amakhala ndi nambala yake ya usilikali ndi failo. Yang'anitsitsani chithunzicho, chipewa, lamba, chizindikiro cha paphewa, mukachionetse msilikali aliyense wopuma akuuzani pompo ngati yunifomuyo ndi yathu. Ikakhala yathu pitani ku likulu la asilikali ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe kapena ku bungwe la asilikali opuma la VELOM muli ndi kalata ya amfumu ndi chiphaso cha mayi anu. Koma mmene mwafotokozera kuti banja lanu linachokera kutsidya ndikuganiza kuti nkhani yanu ikufanana ndi yanga.

Ifeyo kwathu kwenikweni ndi ku Chifunde, chigawo cha Tete, Achewa ngati tonsefe, gule yemweyu, mifunda yomweyi, malire okha ndi amene anatidula pakati. Amayi anga anabwera kuno akuthawa nkhondo, anali mgulu la anthu oposa 1 miliyoni amene Malawi inasunga nthawi imeneyo kuyambira ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza mpaka kuno. Ndikukula ndinkamva kuti amayi anali ndi mlongo wawo wamkulu koma ukafunsa ankangoti "anapita kuntchito". Zaka ndi zaka yankho lake lomwelo. Amene anandiuza zoona ndi agogo aang'ono, mng'ono wawo wa agogo ondiberekera amayi, tsiku lina tikutongola chimanga awiriwiri pakhonde. Anati atsibweni anuwo sanapite kuntchito ayi, anawatenga amatsanga ali kudimba limodzi ndi anyamata ena, anawasenzetsa katundu ndipo sanabwererenso. Amatsanga ndi dzina limene anthu ankaitanira asilikali a Renamo, kuchokera pa dzina la mtsogoleri wawo woyamba André Matsangaissa amene anafa 1979. Ndiye mukamacheza ndi akuluakulu gwiritsani mawu awo omwewo, amatsanga, a Frelimo, mukati Renamo ena amangoti zii.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse achemwali. Mabanja ambiri samabisa chifukwa choti aiwala, amabisa chifukwa cha manyazi ndi mantha. Anyamata ambiri sanasankhe mbali, wina anagwidwa kumunda ngati atsibweni anga, wina anatengedwa ndi boma chifukwa usilikali unali wokakamiza kwa achinyamata, moti pabanja limodzi mkulu amapezeka ali kwa Frelimo mng'ono ali kwa amatsanga. Ndipo mudzi umene mukufunsamowo mwina muli munthu amene mayi ake anaphedwa kapena nyumba yake inaotchedwa ndi gulu limene munali agogo anu. Nkhondo itatha boma la Mozambique linakhululukira onse mbali zonse ziwiri, sikunakhale bwalo loti anthu aulule zimene zinachitika ngati anachitira ku South Africa, obwerera ambiri anangowasambitsa mankhwala kumudzi kuti mizimu ya nkhondo iwachoke, nkhani nkutsekedwa. Ndiye inu mukabwera ndi foni mmanja nkumati "agogo anga anali mbali iti", mukutsegula chilonda chimene anthu anagwirizana kuti asachikhudzenso. Osafunsa pagulu. Osafunsa pamaliro anthu ali mbwee. Pitani ndi shuga, sopo, kachitenje, mugone komweko masiku awiri atatu, muthandize ntchito, nkhani imabwera yokha madzulo. Ndipo amayi okalamba ndi amene amadziwa zambiri kuposa abambo, chifukwa kwa ife Achewa mbumba ndi imene imatsala pamudzi, ndi iwo ankaphika, kubisa ana mtchire ndi kulandira mauthenga a chinsinsi. Mukafuna kujambula mawu pa foni pemphani kaye, akakana lembani mu kope mukatuluka.

Zimene mukufuna kwa iwo ndi zinthu zing'onozing'ono. Dzina lobadwa nalo, dzina la ubatizo, dzina la bambo awo, mfunda wawo kaya Phiri kaya Banda kaya Mbewe, mudzi ndi mfumu yake, mtsinje kapena phiri loyandikira, anapita ndi ndani ndipo mwa anzawowo anabwerako ndani. Funso lomalizali ndi limene linandithandiza ine kuposa onse.

Za maina ndiime pang'ono chifukwa apa ndinataya chaka chathunthu. Kutsidya amalemba mwa Chipwitikizi, pamene ife timalemba k iwo amaika c kapena qu, w amaika u, ny amaika nh, nde Makanga amakhala Macanga, Mwaladzi amakhala Mualadzi. Kuonjezera apo pa mapepala awo munthu nthawi zambiri amalembedwa dzina lake la ubatizo kenako dzina la bambo ake, mfunda osaoneka nkomwe. Ine ndimafunsa dzina limene amayi ankawaitanira kunyumba ndi mfunda wathu, palibe ankawadziwa. Ndiyenso kunkhondo anthu ankapatsana maina ena, mnzawo amene anagona naye mtchire zaka zisanu akhoza osadziwa dzina lawo lenileni. Chithunzi chanucho chijambulitseni makope angapo, choyambiriracho chisiyeni kwa mayi, nkhope ndi imene anzawo angaizindikire.

Tsopano za mapepala. Ngati agogo anu anafika 1994 ali moyo ndipo ali mgulu la asilikali, mpata ulipo ndithu. Chaka chimenecho a United Nations kudzera mu ntchito yawo ya ONUMOZ anatsitsa (kuchotsa mu usilikali) asilikali oposa 90,000 mbali zonse ziwiri, mwa iwo oposa 20,000 a Renamo. Aliyense ankalembedwa pa malo osonkhanira, kupatsidwa khadi, kufunsidwa boma limene akufuna kukakhala nkumupititsa, ndipo ankalandira kandalama kwa miyezi ingapo pambuyo pake. Nde funso lofunika ndi loti anasankha kupita kuti, chifukwa ambiri sanabwerere kwawo, anali atakwatira kumene ankamenyera nkhondo kapena ankaopa kuonana ndi anthu a pamudzi. Ku Mozambique kuli unduna woona za omenya nkhondo, Ministério dos Combatentes, komanso bungwe la asilikali otsitsidwa lotchedwa AMODEG, amenewa ndi oyenera kuwafikira mukapita ku Tete. Pitani ndi munthu wodziwa Chipwitikizi, mu tauni ya Tete Chichewa chokha sichikufikitsani patali muofesi. A Renamo ena anatsalira mtchire mpaka posachedwapa, pangano la a Filipe Nyusi a boma ndi a Ossufo Momade a Renamo la pa 6 August 2019 ndi limene linachititsa kuti 5,221 atule zida, kampu yomaliza nkutsekedwa mu June 2023 ku Gorongosa, amenewonso analembedwa. Koma amene anafera kutchire, amene anathawa usilikali nkhondo ili mkati, ndi amene anatengedwa ali ana ang'onoang'ono, ambiri mwa iwo salembedwa paliponse, awa mbiri yawo ili mkamwa mwa anzawo basi.

Musaiwale a Red Cross. Malawi Red Cross ili ndi ntchito yolumikizanitsa achibale amene anasiyana chifukwa cha nkhondo, ndi yaulere, ndipo amagwira limodzi ndi anzawo a maiko ena. Funsaninso mayi anu ngati anasunga khadi yolandirira ufa ndi nyemba ya nthawi ya othawa kwawo, kapena khadi ya ubatizo, yanganani pansi pa sutikesi ndi mkati mwa Baibulo. Ngati banja linali la Katolika mabuku a ku parishi amalemba makolo ndi mudzi wochokera, kuno tili ndi Guilleme, Ludzi, Kachebere, mukapempha mwaulemu amakuonerani. Ena a kwathu sanathawire ku Malawi, analowera ku Zambia mpaka ku kampu ya Ukwimi ku Petauke, kotero abale ena akhoza kukhala kumeneko.

Koma ine chimene chinanditsegulira njira si ofesi ayi, ndi Kulamba. Mukudziwa kuti kumapeto kwa August Achewa a Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana ku Mkaika ku Katete kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo kuchokera kuno ndi pafupi, Mwami, Chipata, Katete mwafika. Ndinapita ndi chithunzi ndi kapepala kolemba mudzi wathu wakale, ndinafunafuna pamene panakhala anthu a mafumu a ku Chifunde ndi Macanga, ndinapereka moni bwinobwino nkufotokoza kuti ndine mdzukulu wa mudzi wakuti. Bambo wina anatenga nambala yanga, sindinayembekezere kanthu, koma patapita miyezi iwiri anandiimbira pa WhatsApp kuti pali mkulu wina cha ku Furancungo, ku Macanga, amene anatengedwa tsiku limodzi ndi anyamata a mudzi umenewo. Ndinapita mvula itatha. Ndinayamba ndaonekera kwa amfumu a kumeneko, chimenecho musachiphonye, mlendo wofunsa za nkhondo osadzera kwa mfumu anthu amamuopa. Mkuluyo anayang'ana chithunzi nthawi yaitali osayankhula kenako anatchula dzina limene ine ndinali ndisanalimvepo, ndilo linali dzina lawo la kutchire. Anandiuza zina zimene sindingalembe pagulu pano ndipo zina sindinawauze amayi mpaka lero. Koma anandiuzanso kuti atsibweni anapulumuka, anatsitsidwa 1994, anasankha kukakhala ku Angónia kwa mkazi wawo, ndipo anamwalira ndi matenda patapita zaka. Ankaganiza kuti abale awo onse anaphedwa, ifenso tinkaganiza kuti iwo anafa kalekale, chonsecho tinali motalikirana ulendo wa tsiku limodzi.

Asuweni anga ndinawapeza, atatu, kufupi ndi Ulónguè. Wamkulu anatulutsa khadi ya 1994 ija mu kachikwama ka pulasitiki, ndinaijambula pa foni nkudzawaonetsa amayi. Anaigwira foniyo ndi manja awiri, anangoti "wakalamba", chifukwa iwo ankakumbukira mnyamata. Chaka chotsatira tinadutsa pa boda ya Dedza ndi amayi kukaona manda ndipo tinalambula.

Sindikukulonjezani kuti zanu zidzatha chonchi, mnzanga wina wa ku Mkanda wafufuza bambo ake zaka zambiri ndipo anangopeza dzina la mtsinje umene anawaonera komaliza. Komabe Loweruka likubwerali pitani kwa munthu wamkulu kuposa onse wa kuchikazi kwanu, mukakhale naye. Mukabwerako mundilembere ku inbox mudzi ndi mfumu imene akutchulireni, osalemba maina a anthu pano pagulu. Ngati ndi mbali ya Chifunde kapena Macanga ndikulumikizani ndi bambo anandithandiza aja, ndiyamba ndawapempha kaye, ndipo August akubwerayu ngati mungakonzeke tikwerere limodzi pa Mchinji boma.