Prado TX, TX-L kapena TZ-G: kusiyana kwake kuli pati kwenikweni?

Bambo ena omwe amagwira ntchito ku Lilongwe koma kwawo ndi ku Mzimba anditumizira kalata pa imelo, ndipo funso lawo mwachidule ndi ili: "Ndikufuna kuitanitsa Toyota Land Cruiser Prado kuchokera ku Japan, ya mtundu umene unayamba kutuluka mu 2009. Pa intaneti ndikuona TX, TX-L ndi TZ-G, ndipo mitengo ikusiyana kwambiri ngakhale chaka chikhale chimodzi. Ndimapita kumudzi kawirikawiri nditanyamula banja ndi katundu, ndipo nthawi ya dzinja msewu wathu umaipa zedi. Kodi ndikagula TX ndiye kuti ndagula galimoto yofooka m'matope?"

Bambo, yankho langa ndi lakuti ayi, TX si yofooka, ndipo pa ntchito imene mwafotokozayo ndi imene ine ndingakulimbikitseni kuti muyambe mwayang'ana. Zinthu zimene zimatulutsa Prado m'matope zili pa galimoto zonse zitatuzo mofanana. Zonse zakhala pa chasisi chachitsulo chopangidwa pachokha, chomwe bodi imangomangidwapo pamwamba. Zonse zimakoka ndi matayala anayi nthawi zonse, ngakhale pa msewu wa tala, ndipo pakati pali difu ya mtundu wa Torsen imene imagawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, yomwe mungaitseke ndi batani mukafika poterera. Zonse zili ndi giya yamphamvu ya L4 yokwerera zitunda ndi kuwolokera madambo pang'onopang'ono, ndipo zonse zatalikira pansi pafupifupi mamilimita 220. Choncho TX ndi TZ-G zikafika pa dothi la makande litanyowa, imene itayambe kutitimira ndi imene ili ndi matayala akutha kapena dalaivala wopupuluma, osati imene ili ndi zilembo zochepa pa chitseko chakumbuyo.

Kusiyana kwa TX ndi TX-L n'kwam'kati basi. Ku Japan dzina lonse la yachiwiriyi ndi TX L Package, kutanthauza TX yomweyo imene aiwonjezera zina zosangalatsa wokwera: mipando yachikopa m'malo mwa yansalu, mipando yakutsogolo yosuntha ndi magetsi komanso yotenthetsa, ndi zokongoletsa zina zing'onozing'ono. Injini, giyabokosi, masipuling'i ndi mashoki n'chimodzimodzi. Mpando wotenthetsa unapangidwira chisanu cha ku Japan ndipo kuno mudzaugwiritsa ntchito mwa apo ndi apo, mwina mu Juni pa Chikangawa. Chikopa chili ndi ubwino wake, pakuti fumbi ndi zimene ana atayira zimapukutika mosavuta, koma galimoto ikakhala padzuwa la mu Okutobala chimatentha ndipo chikakalamba chimang'ambika. Ngati mwapeza TX-L yosamalidwa bwino pa mtengo wosatalikirana ndi wa TX, itengeni, chifukwa tsiku lodzaigulitsa ogula ambiri amafunsa za chikopacho. Koma musasiye TX yoyenda makilomita ochepa n'kutenga TX-L yotopa chifukwa cha mipando.

Pa TZ-G ndiye pali nkhani yaitali, chifukwa apa kusiyana kwafika kunsi kwa galimoto. Choyamba ndi chipangizo chotchedwa KDSS. Galimoto iliyonse yaitali chonchi imakhala ndi zitsulo zopingasa, kutsogolo ndi kumbuyo, zimene zimaletsa bodi kupendekeka kwambiri pokhota. Zitsulozi zikakhala zokhuthala galimoto imakhazikika bwino pa tala, koma pa msewu wa zigwembe zimalepheretsa tayala kutsikira m'dzenje, moti tayala limodzi limatsala m'malere n'kumangozungulira. KDSS imathetsa vutoli pogwiritsa ntchito masilinda a mafuta olumikizidwa ndi mapaipi kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo. Galimoto ikamakhota pa liwiro, mafutawo amagwira zitsulo zija zolimba, koma tayala lina likakwera mwala lina n'kutsikira m'ngalande, amazimasula kuti matayala onse akhalebe akuponda pansi. Ndi luso lenileni, ndipo munthu amene anakwerapo msewu wa Golodi wopita ku Livingstonia, ndi makona ake akuthwa komanso miyala yake, angamvetse phindu la galimoto imene siyendera mbali imodzi pokhota koma imafewa pa miyala.

Chachiwiri, kumbuyo kwa TZ-G kulibe masipuling'i achitsulo ngati a TX. Kuli mabaluni a mpweya, amene amapopedwa ndi kompuresa yaing'ono, ndipo pali timasensa timene timayeza msinkhu wa galimoto kuti isagwere kumbuyo mukaidzaza katundu. Mashoki akenso amalamulidwa ndi kompyuta, moti mungasankhe kuti afewe kapena alimbe. Pa ulendo wautali wa pa M1, wokwera kumbuyo amamva kusiyana kumeneku m'chiuno mwake.

Komatu zonsezi zimakalamba, ndipo galimoto imene mukuitanitsayo si yatsopano. Baluni ndi labala: zaka zikapita limachita ming'alu pamene limapindika, n'kuyamba kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, ndipo chizindikiro chake n'chakuti m'mawa mumapeza galimoto itakhala pansi kumbuyo. Mukachedwa kusintha, kompuresa imagwira ntchito mosapuma mpaka kupsa, ndiye kuti mwagula zinthu ziwiri m'malo mwa chimodzi. KDSS nayo ikayamba kudontha mafuta, kapena mapaipi ake akadyeka ndi dzimbiri, galimoto imapendekera mbali imodzi, ndipo kuikonza kumafuna makina opopera mafutawo mwamphamvu komanso makaniko amene anaigwirapo kale. Anthu otere mungawapeze m'mizinda ikuluikulu, koma si a pa galaja iliyonse ya pa boma. Sipuling'i yachitsulo ya TX ikatopa, makaniko aliyense wodziwa ntchito amaisintha tsiku lomwelo, ndipo ngakhale yatopa imakufikitsani kunyumba. Pali eni TZ-G ambiri amene mabaluni akawavuta amawachotsa n'kuikamo masipuling'i wamba. Zimatheka ndithu, koma dzifunseni kuti n'chifukwa chiyani munalipira ndalama zambiri ku Japan, n'kulipiranso msonkho wokwerera pa mtengo umenewo, kuti pamapeto pake mubwerere ku zimene TX inali nazo kale.

Palinso nkhani ya malimu, imene ambiri amaiona ngati yongokongoletsa. TX imabwera ndi malimu a mainchesi 17 ndi matayala a 265/65R17. TZ-G ya zaka zoyambirira inali ndi a mainchesi 18, ndipo kuyambira mu 2017 anaikweza kufika pa 19, ndi matayala a 265/55R19. Limu likakula, mbali ya tayala imafupika, ndipo mbali imeneyo ndi imene imalandira nkhonya mukagwera m'dzenje la pa tala kapena mukaponda mwala wakuthwa. Tayala la 17 mungalichepetse mpweya pa mchenga ndi m'matope popanda mantha ambiri oti limu lipindika, ndiponso saizi imeneyi ndi yofanana ndi ya ma Hilux ndi ma Fortuner ambiri, kotero likakuphulikirani kutali ndi mzinda mwayi wopeza lina ulipo. La 19 mukhoza kuyenda mashopu angapo osalipeza. Pa mfundo iyi yokha, pa msewu wa kumudzi TX ikuposa mkulu wake.

Mwina mwawerenganso za Crawl Control ndi Multi-Terrain Select, zipangizo zimene zimayendetsa galimoto zokha pang'onopang'ono pamalo ovuta, komanso za batani lotsekera difu yakumbuyo. Pa galimoto za ku Japan zambiri mwa izi zinali zochita kusankha ndi kulipira padera pogula yatsopano, choncho musaganize kuti TZ-G iliyonse ili nazo. Yang'anani zithunzi za m'kati, pafupi ndi giya ndi pa dashibodi, muone ngati mabataniwo alipodi.

Chimene ndikufuna mutayirepo nthawi kuposa zilembozi ndi injini ndi chaka, chifukwa pamenepa ndi pamene TX ziwiri zingasiyane kwambiri kuposa mmene TX imasiyanirana ndi TZ-G. Kuyambira 2009 mpaka 2015, Prado ya ku Japan inali ya petulo yokhayokha: injini ya malita 2.7 yotchedwa 2TR-FE, ndi V6 ya malita 4.0 yotchedwa 1GR-FE, imene inali pa TZ (mtundu wina wapakati pa TX ndi TZ-G) ndi TZ-G za nthawiyo. Mu 2015 V6 anaisiya, n'kubweretsa ya dizilo ya malita 2.8 yotchedwa 1GD-FTV, ndipo m'chaka chomwecho ya 2.7 inalandira giyabokosi ya magiya 6 m'malo mwa ya magiya 4 imene inali nayo kale. Mu 2017 nkhope ya galimoto inasintha ndipo zipangizo zothandiza kupewa ngozi, monga mabuleki odzigwira okha, zinaikidwa pa mitundu yonse, TX yomwe. Mu 2020 mphamvu ya dizilo ija inakwezedwa kuchoka pa 177 PS kufika pa 204 PS (PS ndi muyeso wa mphamvu ya injini).

Ya 2.7 ndi injini yosavuta, yodziwika kwa amakaniko chifukwa imapezekanso pa Hilux ndi Hiace, ndipo ilibe tebo kapena zosefera utsi zovutitsa. Vuto lake n'lakuti mphamvu yake ya 163 PS ikukoka galimoto yolemera matani oposa 2. Mukadzaza anthu ndi matumba a chimanga n'kuyamba chitunda chachitali imalira kwambiri, makamaka ya magiya 4, ndipo mafuta amapita ndithu. Ya dizilo imakoka mwamphamvu ikuzungulira pang'onopang'ono, pafupifupi kuwirikiza kawiri kukoka kwa ya 2.7, ndipo pa ulendo wautali imamwa mafuta ochepa. Koma ya ku Japan ili ndi sefa ya utsi ya DPF ndiponso imafuna madzi oyeretsera utsi otchedwa AdBlue, omwe akatheratu injini imakana kulira mukaizimitsa. Sefa ija imadziyeretsa yokha galimoto ikamayenda mtunda wautali itatentha bwino, koma imatsekeka msanga kwa munthu wongozungulira m'tauni, komanso sigwirizana ndi dizilo wa m'zigubu kapena oilo wosayenera. Popeza inu mumayenda maulendo ataliatali a ku Mzimba, dizilo ikukuyenerani, malinga muzithira mafuta pa malo odalirika ndipo muzisunga botolo la AdBlue m'galimoto. Ngati thumba silikufika pamenepo, 2.7 ya 2015 kapena kutsogolo kwake ndi yabwino kuposa yakale chifukwa cha magiya aja. V6 ndi yamphamvu ndiponso yolimba, koma kumbukirani kuti msonkho wa MRA umayenderanso kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndiye funsani wokuthandizani za kasitomu akuwerengereni musanatumize ndalama.

Za mipando, TX ndi TX-L zimapezeka za anthu 5 ndi za anthu 7, pamene TZ-G ndi ya anthu 7. Mipando iwiri yakumbuyo kwenikweni imapindikira pansi, koma imakweza malo oika katundu, ndipo ikatambasulidwa malo otsala ndi ochepa zedi. Ndi yoyenera ana kapena ulendo waufupi. Ngati nthawi zambiri mumakhala anthu asanu ndi katundu, ya mipando 5 ndiyo ingakutumikireni bwino.

Chenjezo lina ndi la mayina. TX ya ku Japan si yofanana ndi TX imene inkagulitsidwa ku South Africa, komwe mayina ake anali TX, VX ndipo kenako VX-L, kapena za ku Australia zotchedwa GX, GXL, VX ndi Kakadu. Za ku Australia zambiri zinali ndi matanki awiri a malita 150 onse pamodzi, tayala lapadera lili pa chitseko, pamene ya ku Japan ili ndi tanki imodzi ya malita 87 ndipo tayala lapadera lili kunsi. Choncho zimene mnzanu akukuuzani za Prado yake zingakhale zoona pa yake koma osati pa imene mukuitanitsa.

Zilembo za pa chitseko zimagulidwa n'kumatidwa, ndiye musazikhulupirire zokha. Pemphani pepala la ku okushoni ndi nambala ya chasisi. TRJ150 ndi ya petulo ya 2.7, GDJ150 ndi TX kapena TX-L ya dizilo, ndipo GDJ151 ndi TZ-G ya dizilo. TZ-G ya injini ya 2.7 Toyota sinapangepo, kotero wina akakuonetsani yotero dziwani kuti chilembocho anachita kumata. Pemphaninso zithunzi za kunsi kwa galimoto, chifukwa zochokera kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, zimayenda m'misewu yothiridwa mchere wosungunulira chipale, ndipo dzimbiri limadya chasisi ngakhale bodi ikuwala. Mukaona yokhala ndi mabampa owonjezera otsika a Modellista, dziwani kuti amachepetsa mpata wapansi uja ndipo pa msewu wanu adzathyoka msanga, choncho musawalipirire ndalama yapadera. Wailesi yake nayo idzafika ikulankhula Chijapanizi ndipo sidzagwira mawayilesi ambiri a FM akuno, chifukwa ku Japan manambala ake amayambira pa 76 n'kuthera koyambirira kwa athu, ndiye muikiretu padera ndalama yosinthira.

Ndikanakhala inu, bambo, ndikanafunafuna GDJ150 ya mipando 5, ya malimu a 17, yopanda dzimbiri kunsi, ndipo ndalama imene ikanapita pa TZ-G ndikanagulira matayala abwino a AT (oyenda pa tala ndi pa dothi pomwe) asanu, lapadera lomwe, kenako n'kusintha oilo, mafyuluta onse ndi mafuta a m'madifu galimotoyo ikangofika kuchokera ku Songwe, isanayambe ulendo wake woyamba wa kumudzi.