Faini ya inshuwalansi ya chipatala ku America: ikadalipo? Nanga anaiyambitsa ndani?

Imelo iyi yachokera kwa achemwali ena amene angosamukira ku state ya Indiana ku America, akugwira ntchito yosamalira okalamba. Ndaifupikitsa koma nkhani yake ndi iyi: kuntchito mnzawo wina akuwauza kuti akapanda kugula inshuwalansi ya chipatala boma liwadula faini nthawi ya misonkho, wina akuti bodza zimenezo Trump anathetsa kalekale, kenako awiriwo amayamba kukalipirana za Obama mpaka nthawi ya lanchi kutha iwo osamva kuti zoona ndi ziti. Akufunsanso kuti kodi ma Republican, a chipani cha Trump, lamulo la Obama la inshuwalansili linawalakwira chani kuti azidana nalo chonchi.

Achemwali, ndiyambe ndi yachidule kuti mtima ukhale pansi. Ku Indiana simudulidwa faini. Boma la ku Washington linaitsitsa faini ija kufika pa ziro kuyambira 2019, lamulo lonena kuti munthu akhale ndi inshuwalansi likadali m'mabuku koma analizula mano. Mukadzasamukira ku Massachusetts, New Jersey, California, Rhode Island kapena Washington DC ndiye muzisamala, kumeneko ali ndi faini yawoyawo ndipo amakufunsani ndithu mukamalemba za misonkho. Ndiye anzanu onse awiri ali ndi kachoonadi, kungoti aliyense wagwira mbali yake.

Funso lachiwiri ndi limene lili ndi nyama.

Kale makampani a inshuwalansi ku America ankatha kukukana ngati uli ndi matenda akale, kaya shuga, kaya khansa, kaya mtima, kapena kukuuza mtengo woti uthawe wekha. Lamulo la Obama la 2010, lija amangoliti Obamacare, linaletsa zimenezo. Zabwino eti? Koma taganizani, ngati kampani singakukane ukadwala, munthu wochenjera angokhala osalipira mpaka tsiku limene dokotala wamuuza nkhani yoipa, mawa lake ndiye kuthamangira kukalembetsa. Zili ngati thumba la maliro la kumpingo kapena kumudzi, aliyense atamangosonkha pokhapokha kwawo kwagwa zovuta, bokosi mudzaligula ndi chani? Pamafunika anyamata ndi atsikana athanzi azisonkha nawo pomwe sakudwala. Kuonjezera apo kuli lamulo la 1986, losainidwa ndi Ronald Reagan, loti chipatala chisabweze munthu wobwera mwadzidzidzi ali pangozi ngakhale alibe kobiri, ndiye bilu yake imakathera pa anthu ena amene amalipira. Kukakamiza kuja kunachokera pamenepa.

Tsono apa ndi pomwe ine ndimaseka ndekha. Ganizo limeneli silinabadwire kwa ma Democrat, a chipani cha Obama, ayi. Mu 1989 Stuart Butler wa ku Heritage Foundation, bungwe limene ndi la mbali ya ma Republican mpaka m'mafupa, ndi amene analemba kuti banja lililonse likhale ndi inshuwalansi mokakamizidwa. Kwa iwo nthawi imeneyo inali nkhani yoti munthu asenze katundu wake, asamadyere thukuta la ena. Mu 1993, Bill Clinton ndi mkazi wake Hillary akukankha dongosolo lawo la zaumoyo, Senator John Chafee wa Republican anabweretsa bilu yopikisana nayo yokhala ndi kukakamiza komweku, ndipo akuluakulu a chipanicho ngati Bob Dole, Orrin Hatch ndi Chuck Grassley anaikapo maina awo. Mu 2006 Mitt Romney wa Republican ali bwanamkubwa wa Massachusetts anasaina lamulo lotere, akumwetulira pa kamera, Senator Ted Kennedy wa Democrat ataima kumbuyo kwake.

Nanga Obama? Mu 2008 akulimbirana mpando ndi Hillary Clinton m'chipani chawo, Hillary ndi amene ankafuna kukakamiza, Obama ankakana, mpaka kumunyoza kuti ngati kukakamiza kumathetsa mavuto ndiye tingolamula aliyense agule nyumba kuti osowa pogona athe. Atalowa m'boma anatembenuka nkulitenga ganizo lomwelo. Ma Republican nawo atangoona kuti lavala malaya a Obama anatembenukanso, Hatch ndi Grassley omwe aja anayamba kulitsutsa. Lamulo linadutsa m'nyumba ziwiri za malamulo za Congress, ku Senate pa 24 December 2009 ndi mavoti 60 kwa 39, ku House mu March 2010 ndi 219 kwa 212, popanda Republican ngakhale mmodzi wovomera. Romney mu 2012, akupikisana ndi Obama pa upulezidenti, anavutika zedi kufotokoza kuti chimene chinali chabwino ku Massachusetts chaipa bwanji chikafika dziko lonse, yankho lake linali loti zoterezi state iliyonse izidzisankhira yokha.

Ndiye mukandifunsa ine, gawo lalikulu la mkanganowu ndi jezi basi, anthu ankayang'ana kaye amene wanyamula mpira. Koma ndisawanamizire ma Republican kuti analibe mfundo. Kukakamiza munthu kugula katundu wa kampani yaprayiveti chifukwa choti akupuma mpweya, ku America komwe boma amaliyang'ana ndi diso limodzi, si nkhani yaing'ono. Ku khoti lalikulu jaji Antonin Scalia anafunsa kuti ngati boma lingakukakamize kugula inshuwalansi, lingalephere bwanji kukukakamiza kugula ndiwo zamasamba za broccoli. Ndipo faini ija inkaluma kwambiri anthu a malipiro apakati ndi otsika, osati olemera, olemera inshuwalansi anali nayo kale. Inayamba mu 2014 ili madola 95 kapena 1 peresenti ya zimene umapeza, pofika 2016 inali madola 695 kapena 2.5 peresenti, amatenga imene yakula. Munthu wogwira ntchito ngati yanuyo, inshuwalansi yakudulira, faini nayo ikukudikira, ungaikonde bwanji?

Ma state 26 anasumira boma. Pa 28 June 2012 khoti lalikulu linagamula 5 kwa 4 kuti lamulo likhale, ndipo amene anadabwitsa onse ndi John Roberts, jaji wamkulu woikidwa ndi George W. Bush wa Republican. Iye anati Congress ilibe mphamvu yokakamiza munthu kugula chinthu, koma ili ndi mphamvu yodula msonkho, ndipo faini imeneyi ndi msonkho. Chosekesa nchakuti Obama mu 2009 anakanitsitsa pa TV kuti si msonkho. Anapulumukira pa khomo lomwe ankalikana.

Trump atalowa anayesa kugwetsa lamulo lonse. Mu July 2017 pakati pausiku Senator John McCain wa Republican, atangomupeza ndi khansa ya muubongo, analowa m'nyumba ya Senate nkuloza chala chachikulu pansi, pamodzi ndi anzake a Republican Susan Collins ndi Lisa Murkowski, bilu yogwetsera lamulolo inagwa 49 kwa 51. Atalephera pakhomo anadzera pawindo, mu December chaka chomwecho anaika m'lamulo la misonkho kuti faini ikhale ziro. Texas ndi anzake anabwereranso kukhoti akuti poti msonkho kulibenso ndiye lamulo lonse ligwe, koma mu June 2021 khoti linawabweza 7 kwa 2, linati faini ya ziro siinapweteke aliyense ndiye mukudandaula chani.

Chimene ma Democrat sakonda kukamba nchakuti msika wa inshuwalansi sunagwe monga ankaopsezera. Ofesi yowerengera bajeti ya Congress inalosera kuti faini ikachoka anthu ena owonjezera pafupifupi 13 miliyoni adzakhala opanda inshuwalansi, koma pofika 2024 olembetsa pa msika wa Obamacare anadutsa 20 miliyoni, kuposa kale lonse. Chinakoka anthu ndi ndalama zothandizira kulipira zimene anazionjezera mu 2021, osati chikwapu. Nchifukwa chake masiku ano simumva wandale aliyense wa Democrat akulira kuti faini ibwerere, ndewu yonse inasamukira ku ndalama zothandizirazo.

Inuyo achemwali musatengeke ndi zoti faini kulibe. Kumeneko si kwathu koti ukadwala ungopita ku chipatala cha boma ndi kabuku kako, usiku umodzi wogonekedwa ukhoza kukusiyirani bilu ya madola masauzande. Pitani kwa a HR, ofesi yoona za antchito, mawa mukafunse ngati kuntchito kwanu amapereka inshuwalansi, akudulani zingati pamwezi, komanso ndalama yomwe mumayamba mwalipira nokha kampani isanalowererepo ndi zingati. Mufunsenso tsiku lomaliza kulembetsa, chifukwa kwa munthu wongoyamba ntchito nthawi yake imakhala yochepa, ikakudutsani nthawi zambiri mumadikira mpaka kumapeto kwa chaka.