Kodi ndi kambuku amene wapha mbuzi ku Likhubula?

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti mikango ndi akambuku zikuyendayenda m'midzi ya m'tsinde mwa phiri, poti mbuzi ya aneba anu yapezeka yakufa kunja kwa khola, komanso pa WhatsApp pakuzungulira chithunzi cha chinyama cha mawangamawanga chili m'munda wa tiyi. Ndemanga zonse ndaziwerenga. Ena akulumbira kuti ndi mkango wothawa ku Majete, ena akuti kuno kulibe chilombo koma agalu basi. Ine ntchito yanga ndi yoperekeza alendo m'phiri la Mulanje, ndiye ndiloleni ndiyankhe motalikirapo, chifukwa nkhani yotere ikasiyidwa m'manja mwa mphekesera imavulaza anthu.

Za mkango tithane nazo msanga. Mikango ya ku Majete inabweretsedwa mu 2012 ndi a bungwe la African Parks, amene akuyang'anira nkhalangoyo kuyambira 2003, ndipo ku Liwonde inabwezeretsedwa mu 2018. Malo onse awiriwa ali ndi mpanda wa magetsi ndi asilikali olondera nyama. Kuti mkango wa ku Majete ufike kuno, uyenera kuwoloka Shire, kukwera mapiri onse ochokera ku Chikwawa, n'kudutsa Thyolo yense. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 ku Thyolo ndi oposa 680,000 ku Mulanje. Mudzi wagundana ndi mudzi, munda wagundana ndi munda. Mkango subisika m'malo otere. Ukabangula usiku umamveka mtunda wa makilomita mpaka 8, ndipo ukanasiya ng'ombe zakufa m'njira monse tisanamve za mbuzi imodzi ya ku Likhubula.

Kambuku ndi nkhani ina, ndipo amene akunena kuti kulibiretu akufulumira pakamwa. Phiri lino ndi kwawo kwa kambuku kuyambira kalekale. Ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, lili ndi mapanga, zigwa zakuya ngati cha Ruo, ndi matanthwe amene munthu safikako. Chakudya chake chilipo: mbira za m'miyala, zinkhoma, agwape, anyani ndi apusi. Ineyo sindinamuonepo ndi maso, ngakhale ndagona m'nyumba za alendo za ku Chambe, Lichenya ndi Thuchila kosawerengeka. Chimene ndaona ndi ndowe zosiyidwa pakati penipeni pa njira, zonenepa, zosongoka kumapeto, ndipo ukaziswa ndi kamtengo mkati mumakhala ubweya wa mbira wokhawokha ndi tizidutswa ta mafupa. Umu ndi mmene kambuku amakhalira: amayenda yekha, amayenda usiku, ndipo amakuona iwe usanamuone n'kukupatukira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene amachita kumufunafuna m'phiri amabwerako chimanjamanja, ndiye ndimakayikira ndikamva kuti theka la mudzi lamuona masanasana akudutsa pa mjigo.

Chinyama chimene anthu ambiri amachiona m'tiyi ndi m'madambo n'kuchitcha kambuku ndi njuzi. Nayo ili ndi mawanga, ndipo ukakumana nayo usiku ndi tochi ya foni, mtima ukugunda, imaoneka yaikulu. Koma njuzi ili ndi makutu akuluakulu oimirira, miyendo italiitali, kamutu kakang'ono ndi mchira waufupi. Mawanga ake ndi madontho akuda otsekeka. Kulemera kwake sikupitirira makilogalamu 18, ndipo imadya mbewa, makoswe, mbalame, mwina nkhuku ikapeza mpata. Mbuzi yaikulu siyingaigwetse. Kambuku ndi wojintcha, mutu wake ndi waukulu, makutu ndi aang'ono ozungulira, mawanga a m'thupi amakhala ozungulira okhala ndi mpata pakati, ndipo mchira ndi wautali kwambiri, woyera kunsi kwa nsonga. Mukachiona chinyama, yang'anani mchira ndi makutu. Pamenepo mlandu umatha.

Tsono funso lanu lenileni, lakuti wapha mbuziyo ndani, yankho lake lili pansi pafupi ndi kholalo, ngati anthu sanapondeponde. Phazi la kambuku ndi lozungulira, pafupifupi masentimita 8 kapena 9, ndipo silionetsa zikhadabo chifukwa amazibweza mkati akamayenda. Kumbuyo kwa chidendene chake kumakhala kogawika patatu. Phazi la galu ndi la fisi limasiya timabowo ta zikhadabo kutsogolo kwa chala chilichonse. La njuzi limafanana ndi la kambuku koma ndi theka lake. Ikani bokosi la machesi pambali pa phazilo n'kujambula kuchokera pamwamba, kuti kukula kwake kudziwike.

Mbuziyonso imanena. Kambuku amagwira pakhosi. Mukasenda chikopa cha pakhosi mupeza mabowo akuya a mano ndi magazi oundana mkati, pomwe thupi lonse lilibe mabala ambiri. Akatero amaikokera pa chitsamba chowirira kapena kuikweza mumtengo, ndipo mzere wokokera umaoneka pa dothi. Kawirikawiri saisiya pabwalo. Fisi amaswa ndi mafupa omwe, m'mawa mumangopeza nyanga ndi ziboda, ndipo ndowe zake zikauma zimayera mbee. Agalu amaluma miyendo yakumbuyo ndi pamimba, amathamangitsa mbuzi zingapo nthawi imodzi, amang'amba n'kusiya osadya zambiri. Mwalemba kuti mbuziyo inali pomwepo kunja kwa khola, yong'ambidwa kumbuyo. Zimenezi kwa ine zikuloza agalu, ndipo agalu a alenje amene amasaka m'phirimu ndi ambiri. Kulira kwa kambuku ndi kwa fisi nakonso kumasiyana: kambuku amalira ngati macheka a anthu ocheka matabwa, kukoka ndi kubweza, pomwe fisi amakuwa huwii kumveka mudzi wonse.

Za chithunzicho, funsani amene anatumiza kuti anajambula ndani, pa esiteti iti, tsiku liti. Mukamva kuti "ndangolandira kwa mnzanga", chisiyeni. Minda ya tiyi ili ku India, ku Sri Lanka ndi ku Kenya, ndipo kumeneko akambuku aliko. Chithunzi chochokera kutali chimafika kuno mosavuta chitavekedwa dzina la Mulanje. Ngakhale ku Britain, kumene kulibe akambuku a m'tchire, anthu akhala akukangana nkhani yomweyi kwa zaka zambiri. Mu 1995 boma lawo linafufuza za chilombo chimene chinkamveka ku Bodmin Moor, osapeza umboni wogwirika. Koma mu 1980 ku Scotland mlimi wina anagwiradi puma wamoyo, chilombo cha mtundu wa mphaka wamkulu, mu msampha. Kumeneko umboni wogwirika unali nyama yogwidwa, osati kuchuluka kwa olumbira.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi zimene ena alemba, zoti athire tameki pa nyama yotsalayo kapena atchere mawaya. Chonde musatero. Poizoni sasankha. Apha agalu a m'mudzi, amphaka, akhwangwala, ndipo pali anthu amene amatola nyama yakufa n'kukadya kapena kukagulitsa. Waya wotchera kambuku amagwira mbuzi ya mnzako kapena mwendo wa mwana wokatola nkhuni. Kambuku wovulala ndi waya ndiye woopsa zedi, chifukwa satha kugwira mbira, ndiye amatsikira ku makola. Komanso lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri chilango chimatha kufika zaka 30 m'ndende. Ngati kambuku angatsike m'phiri, timutsitsa ndife: moto wa chaka ndi chaka, makala, kudula mkungudza ndi kusaka ndi agalu zikumutsirizira chakudya.

Ndipo ife a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo tikudziwa kumene mphekesera imafikitsa. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inayamba chonchi, wina wamva kwa wina, ndipo anthu anaphedwa. Muno ndaona kale ndemanga yoti chilombocho n'chotumidwa ndi munthu. Mawu amenewo afufutidwe msanga asanapeze gogo woti amuloze chala. Ku Dowa mu 2003 chilombo chinapha anthu ndipo midzi inathawa, koma akuluakulu a za nyama ananena kuti anali fisi wa chiwewe. Chiwewe ndicho ndikuchiopa kuposa kambuku. Aliyense amene walumidwa kapena kukandidwa ndi galu kapena nyama ya m'tchire atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Mbuzi yakufayo isadyedwe, ikwiriridwe mozama.

Uzani a mfumu, iwo adziwitse alangizi a ziweto ndi a za nkhalango ku Likhubula, ndipo ngati mapazi ndi a kambuku, uthenga ufike kwa a Department of National Parks and Wildlife, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Aneba anuwo amange khola la m'mwamba la mitengo yolimba, lofolera bwino, mbuzi zizilowa dzuwa lisanalowe. Ana asapite okha kunkhuni mbandakucha kapena chisisira. Mawa m'mamawa, anthu asanayambe kudutsa, zungulirani kholalo ndi m'mbali mwa ngalande pomwe pali matope. Mukapeza phazi, jambulani ndi bokosi la machesi lija, muponye muno tilione tonse.