Kodi Abwana Angawerenge Maimelo Anga a Kuntchito?

Mayi ena anditumizira imelo yofunsa mmene angajambulire vidiyo ya zimene zikuchitika pa sikirini ya kompyuta kuti aphunzitsire mnzawo watsopano ntchito, ndipo kumapeto anawonjezera kuti: "Kodi n'zoona kuti abwana angathe kuwerenga maimelo anga a kuntchito ine osadziwa?" Mayi, funso lanu lachiwirili ndi limene landikhudza kwambiri, choncho mundilole ndiyambire pamenepo.

Inde, angathe. Ndikunena motsimikiza chifukwa ndinagwirapo ntchito yoyang'anira makompyuta pa kampani ina, ndipo tsiku lina mmodzi wa akuluakulu anandiuza kuti ndimutsegulire maimelo onse a mtsikana wina amene ankamukayikira kuti akuulula zinsinsi za kampani. Ndinapempha kuti lamulolo libwere lolembedwa komanso losainidwa, ndipo linabweradi. Sipanafunike mawu achinsinsi a mtsikanayo, chifukwa woyang'anira maakaunti a kampani amatha kupatsa munthu wina chilolezo cholowa m'bokosi la maimelo a wantchito aliyense popanda mwiniwake kuona chizindikiro chilichonse. Zimene ankafunazo sanazipeze. Anapeza makalata amene mtsikanayo ankalemberana ndi dokotala wake, komanso kalata yofunsira ntchito kwina, ndipo pasanapite nthawi nkhani ya matenda ake inayamba kumveka pakamwa pa anthu amene sanayenere kuidziwa. Iye ankangodabwa kuti nkhaniyo yatuluka bwanji, ndipo nthawi iliyonse ndikakumana naye mtima unkandiwawa.

Anthu ambiri amaganiza kuti akafufuta imelo, basi yapita. Pa Microsoft 365, mapulogalamu a mu ofesi a kampani ya Microsoft, imelo imene mwaifufuta ngakhale mu Deleted Items, foda ya maimelo ofufutidwa, imakhalabe yotheka kuibweza kwa masiku 14, ndipo woyang'anira angawonjezere masikuwo kufika 30. Kampani ikaika lamulo losunga zonse, imelo yanu ikhoza kukhalako zaka zambiri. Makampani amene amagwiritsa ntchito Google Workspace ali ndi chida chotchedwa Vault chimene chimachitanso zomwezo. Nayonso Incognito, njira yotsegulira masamba a pa intaneti mwachinsinsi imene ambiri amaidalira, imangolepheretsa kuti mbiri ya masamba amene mwatsegula isungidwe pa kompyutapo, koma siibisa kalikonse kwa amene akuyang'anira netiweki.

Sindikutsutsa zoti kampani ili ndi ufulu woteteza katundu wake, pakuti akauntiyo ndi yake ndipo seva, kompyuta imene imasunga maimelowo, ndi yake. Chimene ndimakana ndi mtima wonse ndicho kuwerenga mobisa, antchito asanauzidwe. Nkhani ya Bogdan Bărbulescu wa ku Romania imaonetsa bwino zimenezi. Iye anachotsedwa ntchito mu 2007 chifukwa cholemberana ndi mchimwene wake komanso chibwenzi chake pa akaunti ya Yahoo Messenger imene anaitsegulira ntchito. Mu 2017 Khoti Loona za Ufulu wa Anthu la ku Ulaya linagamula kuti ufulu wake unaphwanyidwa, chifukwa makhoti a m'dziko lake sanafufuze mokwanira ngati anachenjezedwa pasadakhale kuti mauthenga ake aziwerengedwa. Chigamulocho chimagwira ntchito ku Ulaya, ndipo malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma mfundo yake ine ndimaiona kuti ndi yachilungamo kulikonse. Bwana amene amasuzumira m'makalata a antchito ake mwakachetechete, popanda ndondomeko yolembedwa imene aliyense anaiona, akugwiritsa ntchito udindo molakwika, ngakhale lamulo litamulola.

Vidiyo imene mukufuna kujambulayo ikukhudzananso ndi nkhani yomweyi, chifukwa uthenga uliwonse umene ungatulukire pakona ya sikirini pamene mukujambula ukhoza kulowa mu vidiyomo, pamodzi ndi dzina la wotumiza ndi mawu ake oyambirira. Ndinaonapo vidiyo yophunzitsira imene inazungulira ofesi yonse ili ndi mutu wa imelo yonena za malipiro a munthu wina. Komanso mapulogalamu a misonkhano a Teams ndi Zoom amadziwitsa onse msonkhano ukayamba kujambulidwa, pamene pulogalamu yojambulira yapadera siidziwitsa aliyense, choncho kujambula anzanu mwanjira imeneyo osawapempha ndi kuwachitira zimene inuyo mukuopa kuti abwana angakuchitireni.

Kajambulidwe kake

Musanayambe, tsekani pulogalamu ya maimelo ya Outlook ndi mapulogalamu a mauthenga, kenako tsegulani Do not disturb, imene imaletsa mauthenga kutulukira pa sikirini. Pa Windows 10 kapena 11, dinani Windows, Alt ndi R pamodzi kuti muyambe, ndipo dinaninso mabatani omwewo kuti musiye. Vidiyoyo mukaipeza mu Videos, mu foda ya Captures. Njira imeneyi imajambula pulogalamu imodzi ndipo imakana kujambula File Explorer, imene imaonetsa mafoda ndi mafailo, choncho pa Windows 11 ndi bwino kugwiritsa ntchito Snipping Tool, imene imakulolani kusankha chigawo cha sikirini. Pa Mac, dinani Shift, Command ndi 5 pamodzi. Mukamaliza, ionereni yonse musanaitumize. Nkhani za chipatala, za banja ndi zofunsira ntchito kwina muzilembera pa imelo yanuyanu, pa foni yanu, osati pa Wi-Fi ya ku ofesi, ndipo mupemphe a ofesi yoona za antchito akuonetseni ndondomeko yolembedwa yokhudza maimelo.